Mtendere wobwera ndi alendo: unatheka ku Mozambique, ukukanikiranji ku Congo?

Kumapeto kwa Januwale 2025, zigawenga za M23 zinalanda mzinda wa Goma, kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo. Asilikali a bungwe la United Nations anali momwemo. A SADC analinso momwemo, ndipo ena mwa iwo, a ku South Africa, Tanzania ndi Malawi, anabwerera kwawo m'mabokosi. Pasanathe mwezi, Bukavu nayo inagwa. United Nations yakhala ku Congo kuyambira 1999, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yake kumeneko inkadya madola opitirira 1 biliyoni pa chaka. Mwana amene anabadwa magalimoto oyera a United Nations akungofika kumene lero ndi kholo, koma akuthawabe nkhondo ngati mmene ankathawira mayi ake.

Congo siili yokha. Akatswiri a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden, amene amawerenga nkhondo chaka ndi chaka, anapeza kuti mu 2024 panali nkhondo 61 zokhudza maboma, chiwerengero chimene sichinaonekepo kuyambira 1946. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho, anthu pafupifupi 123 miliyoni anali atathamangitsidwa m'makomo mwawo. Mayiko onse pamodzi anawononga madola oposa 2,700 biliyoni pa zida ndi asilikali, pamene thumba lonse la United Nations losungitsira bata linali ndi pafupifupi 5.6 biliyoni. Mukagawa bwinobwino, ndalama zosungitsira bata za chaka chathunthu sizikukwana ngakhale zimene dziko lapansi limawononga pa zankhondo tsiku limodzi.

Ambiri akaona zimenezi amangoti ntchito yomanga mtendere inalephera, basi. Ine ndikuona kuti inapangidwira nkhondo za mtundu wina, nkhondo zimene ozilipirira anali atatopa nazo, ndipo za lero si zotero. Kuti zimveke, tiyambire kumene njirayi inachokera.

Mu 1992, mlembi wamkulu wa United Nations, Boutros Boutros-Ghali wa ku Egypt, analemba lipoti lofotokoza zimene bungwelo lingachite tsopano popeza mkangano wa America ndi Soviet Union unali utatha. Asilikali a United Nations ovala zipewa zabuluu analipo kale, koma ntchito yawo inali kungoima pakati pa magulu awiri amene agwirizana zoleka kuomberana. Iye anawonjezera ntchito ina, yochita mfuti zikazizira: kulanda zida, kubwezera asilikali kumudzi, kuphunzitsa apolisi, kukonza makhoti, kuyendetsa chisankho, kuti chimene chinautsa nkhondo chisaiutsenso. M'zaka zotsatira panapangika ndondomeko imene inkangobwerezedwa paliponse. Atsogoleri asainirane pangano, asilikali akunja abwere, malamulo oyendetsera dziko alembedwe, chisankho chichitike, malonda atsegulidwe, kenako alendo apakire. Mu 2005 anakhazikitsanso komishoni yapadera yoona za kumanga mtendere, ndipo mayiko oyamba kuwasamalira anali Burundi ndi Sierra Leone.

Zimene zinachitika ku Mozambique

Amalawi achikulire sayenera kuuzidwa za nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Malawi yokha inasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Kukambirana kunayamba mu Julayi 1990 ku Rome, ndipo amkhalapakati ake sanali mayiko amphamvu ayi. Anali gulu la Akatolika la Sant'Egidio, kudzera mwa Andrea Riccardi ndi wansembe Matteo Zuppi, pamodzi ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy ndi Jaime Gonçalves, bishopu wamkulu wa ku Beira. Anakokanakokana kwa zaka zoposa ziwiri mpaka pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasainira pangano.

Chimene chimaiwalika ndi ntchito yosakopa maso imene inatsatira. United Nations inatumiza asilikali oposa 6,000, ndipo mkulu wa ntchitoyo, Aldo Ajello, anaonetsetsa kuti chisankho chisachitike magulu awiriwo akadali ndi zida m'manja. Chinasunthidwa ndi chaka chathunthu, kuchoka mu 1993 kupita mu Okutobala 1994. Asilikali pafupifupi 90,000 a mbali zonse anachotsedwa usilikali, ndipo aliyense ankalandira kandalama kwa zaka ziwiri, miyezi 6 kuchokera ku boma, miyezi 18 kuchokera ku mayiko othandiza. Kandalamako kanali kochepa, koma kanamupatsa munthu chifukwa chokhalira kumudzi, kulima, kukwatira, m'malo moyendayenda ndi mfuti. Panakhazikitsidwanso thumba la madola mamiliyoni angapo lothandiza Renamo kusanduka chipani cha ndale, kuti ikhale ndi maofesi, magalimoto ndi nyumba m'tauni. Ena anati chimenechi ndi chiphuphu. Mwina n'zoona ndithu, koma chinali chiphuphu chotchipa poyerekeza ndi nkhondo.

Chisankho chitatsala maola ochepa, Dhlakama analengeza kuti sapikisana nawo. Atsogoleri a mayiko oyandikana ndi akazembe anamuumiriza, anabwerera, ndipo masiku oponya voti anawonjezedwa. Chissano anapambana, koma Renamo inapeza mipando 112 pa mipando 250 ya ku nyumba ya malamulo. Woluza anali ndi choti agwire.

M'midzi munachitikanso zina zimene sizinalembedwe ku Rome. Anyamata obwera kutchire ankawachitira miyambo yowasambitsa asanalowe m'nyumba, asing'anga ndi mipingo aliyense m'njira yake, kuti magazi amene anakhetsa asawatsate, komanso kuti mudzi uwalandire. Kuyambira 1995, bungwe la mipingo motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane linkasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera.

Tsopano taonani Angola, m'nyengo yomweyo. Chisankho chinachitika mu Sepitembala 1992, Unita ya Jonas Savimbi ikadali ndi gulu lake lankhondo, United Nations itangotumiza oyang'anira mazana ochepa opanda zida m'dziko lalikulu chotero. Savimbi anakana zotsatira, nkhondo inabuka moopsa kuposa kale, ndipo inatha iye ataphedwa mu Febuluwale 2002. Kusiyana kwake sikunali pa luso la akazembe pokha. Boma la Angola linali ndi mafuta, Savimbi anali ndi dayamondi, choncho onse awiri akanatha kudzilipirira nkhondo popanda wowathandiza. Ku Mozambique kunalibe zimenezo. Rhodesia imene inalera Renamo inali itatha mu 1980, boma la tsankho la South Africa linali likutsanzika, Soviet Union imene inkathandiza Frelimo inali itagwa, ndipo chilala cha 1992 chinasiya mbali zonse zopanda chodyetsa asilikali. Alendo anafika pamene omenyanawo ankasaka okha potulukira.

Phunziro limene mayiko anatolapo linali lolakwika. Anaganiza kuti ndondomeko ija ndi imene inabala mtendere, ndipo anayamba kuinyamula kupita nayo kumene nkhondo inali isanatope. Ku Afghanistan, America yokha inathira madola oposa 140 biliyoni pomanga boma, apolisi ndi asilikali, koma pa 15 Ogasiti 2021 a Taliban analowa mu Kabul pafupifupi popanda wowaletsa. South Sudan inalandira ufulu pa 9 Julayi 2011 dziko lonse likuomba m'manja, koma mu Disembala 2013 pulezidenti Salva Kiir ndi yemwe anali wachiwiri wake, Riek Machar, anaukirana, ndipo anthu pafupifupi 400,000 anafa. Pangano la 2018 linagawa maudindo mpaka dziko linakhala ndi achiwiri kwa pulezidenti asanu ndi aphungu 550. Mapangano otere amaphunzitsa chinthu choopsa: ukafuna mpando, tola mfuti, udzaitanidwa ku hotela. Chisankho chakhala chikusunthidwa mobwerezabwereza, ndipo mu Malichi 2025 Machar anatsekeredwa m'nyumba mwake.

Nkhondo zinasintha nkhope

Choyamba chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa olipirira. Kale ankakhala awiri, ndipo akagwirizana ku Washington ndi ku Moscow, mpopi unkatsekedwa. Lero ku Sudan, kumene nkhondo ya Abdel Fattah al-Burhan, mkulu wa asilikali a boma, ndi Mohamed Hamdan Dagalo, mtsogoleri wa gulu lankhondo la RSF, inabuka pa 15 Epulo 2023, manja akunja ndi ambirimbiri. United Arab Emirates yakhala ikutchulidwa kuti imathandiza gulu la RSF, ngakhale iyo imakana. Egypt imadziwika kuti ili kumbali ya asilikali a boma. Ndege zopanda woyendetsa zimabwera kuchokera kunja, golide amatuluka kukalipira. Anthu oposa 12 miliyoni athawa m'makomo mwawo, koma akuluakulu a nkhondowo sakusowa chipolopolo, ndiye atoperenji?

Omenyana nawonso anachuluka. Kum'mawa kwa Congo kuli magulu a zida oposa 100, ndipo mukasainirana ndi limodzi, kagulu kena kamapatuka m'mawa mwake. Kwina kuli magulu ogwirizana ndi al-Qaeda kapena Islamic State, amene mpando wa ku nyumba ya malamulo alibe nawo ntchito. Chimene chinanyengerera Dhlakama sichingawanyengerere.

Kenako pali khonsolo ya chitetezo ya United Nations, kumene mayiko asanu ali ndi mphamvu yoletsa chigamulo chilichonse. Russia imaletsa zokhudza Ukraine, America imaletsa zokhudza Gaza, ndipo mu Novembala 2024 Russia inaletsa ngakhale chigamulo chopempha kuti kumenyana kuime ku Sudan. Kuyambira 2014, pamene asilikali anatumizidwa ku Central African Republic, khonsoloyi sinakhazikitsenso ntchito ina yaikulu ya zipewa zabuluu.

Mali ndiyo ikuonetsa bwino kumene zinthu zinafika. Asilikali a United Nations anapitako mu 2013 kukasunga bata kumene bata kunalibe, ndipo oposa 300 anafera komweko. Asilikali a dzikolo atalanda boma mu 2020 ndi 2021, anakangana ndi France mpaka asilikali ake anachoka, n'kuitana asilikali aganyu a Wagner a ku Russia. Ofufuza a United Nations atalemba kuti anthu osachepera 500 anaphedwa m'mudzi wa Moura mu Malichi 2022 ndi asilikali a boma pamodzi ndi anzawo akunjawo, ubale unatheratu. Mu Juni 2023 boma linauza United Nations kuti ichoke, ndipo pofika Disembala inali itachoka. Boma likakhala ndi wina woti aliteteze mosafunsa za ufulu wa anthu, mlendo wofunsa mafunso amasanduka chopinga.

Komabe tisathamangire kunena kuti zipewa zabuluu zilibe phindu. Zolakwa zawo n'zodziwika: ku Rwanda mu 1994 khonsolo inachepetsa asilikali kufika pa 270 anthu akuphedwa, ku Haiti asilikali anabweretsa kolera imene inapha anthu pafupifupi 10,000, ndipo ku Central African Republic kunamveka nkhani zogwirira ana. Koma ofufuza ngati Virginia Page Fortna, atayerekeza nkhondo zambiri zapachiweniweni, anapeza kuti kumene kunapita osungitsa bata, mtendere unkakhalitsa kuposa kumene sanapite. Sierra Leone, Liberia ndi Côte d'Ivoire sizinabwererenso kunkhondo alendo atachoka. Ku Liberia anakhalako zaka 15, ndipo dzikolo lasinthana utsogoleri mwamtendere kawiri, mu 2018 ndi mu 2024. Ku South Sudan, asilikali a United Nations atatsegula zipata za misasa yawo mu 2013, chiwerengero cha obisala mkatimo chinafika pa anthu oposa 200,000. Ambiri mwa iwo akanafa. Ndipo ku Mali zinthu sizinakhale bwino alendo atachoka: mu 2025 zigawenga zinkatchinga misewu yobweretsa mafuta ku Bamako.

Amkhalapakati atsopano

Pamene United Nations ikufooka, ena alowa m'bwalo. Qatar ndi Egypt anayendetsa zokambirana za Gaza. Turkey, pamodzi ndi United Nations, inathandiza kuti tirigu ndi chimanga cha Ukraine zituluke pa nyanja ya Black Sea kuyambira Julayi 2022, matani pafupifupi 33 miliyoni m'chaka chimodzi. China inayanjanitsa Saudi Arabia ndi Iran mu Malichi 2023. Pa 27 Juni 2025, Congo ndi Rwanda, imene imatchulidwa kuti imathandiza M23, zinasainirana pangano ku Washington, America ikuyang'ananso migodi ya Congo, pamene zokambirana ndi M23 zinkachitikira ku Doha.

Amkhalapakati amenewa ali ndi ubwino wake. Amalankhula ndi aliyense, salalikira za demokalase, ndipo ena ali ndi ndalama zokopera omenyana. Pangano lililonse loimitsa kuomberana, ngakhale la mwezi umodzi, limapulumutsa miyoyo, ndipo amene amalinyoza nthawi zambiri amakhala kutali ndi zipolopolo. Vuto ndi lakuti mapanganowa amathera pa kusaina ndi kujambulitsa. Ndani adzalipire msilikali wobwerera kumudzi? Ndani adzaweruze za munda umene mwini wake anathawa, wina n'kulimamo zaka khumi? Pangano la ku Pretoria la pa 2 Novembala 2022, limene African Union inayendetsa kudzera mwa Olusegun Obasanjo, Uhuru Kenyatta ndi Phumzile Mlambo-Ngcuka, linaimitsadi nkhondo ya m'chigawo cha Tigray ku Ethiopia, ndipo imeneyo si nkhani yaing'ono. Koma Eritrea ndi magulu a Amhara amene anamenya nawo nkhondoyo sanasaine, nkhani ya malo a kumadzulo kwa Tigray sinathe, ndipo anthu ambirimbiri akadali m'misasa.

Mtendere wa eni mudzi

Akale anasiya miyambi iwiri ya mlendo, ndipo yonse ndi yoona: mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, komanso mlendo ndi mame. Ntchito yomanga mtendere inakhulupirira kwambiri mwambi woyamba n'kuiwala wachiwiri. Ogwira ntchito akunja amabwera pa kontalakiti ya chaka kapena ziwiri, sadziwa chilankhulo, amakhala kuseri kwa mipanda, ndipo akayamba kumvetsa amasamutsidwira dziko lina. Wofufuza wina, Séverine Autesserre, anaonetsa kuti ku Congo alendo ankatanganidwa ndi Kinshasa ndi chisankho, pamene ziwawa zambiri za ku Kivu, kum'mawa kwa dzikolo, zinkachokera pa mikangano ya malo, ufumu, ndi funso lakuti nzika yeniyeni ndani.

Chitsanzo chimene ambiri amatchula ndi Somaliland, dera la kumpoto kwa Somalia limene limadzilamulira lokha. Pamene United Nations ndi America zinkathira asilikali ndi ndalama ku Mogadishu, mpaka kuchoka mu 1995 zitagwa mphwayi, kumpoto akuluakulu a mafuko anakhala pansi ku Borama mu 1993 kwa miyezi ingapo, chakudya ndi malo ogona zikuchokera kwa eni dera ndi amalonda awo. Anakambirana za msipu, zitsime, chipepeso cha ophedwa ndi kagawidwe ka maudindo, ndipo akuluakuluwo anapatsidwa nyumba yawo ya malamulo. Panalibe wolipira wakunja wowaikira tsiku lomalizira, choncho anamaliza pamene anagwirizanadi. Chaka chomwecho ku Wajir, kumpoto chakum'mawa kwa Kenya, amayi ena, mmodzi mwa iwo Dekha Ibrahim Abdi, anayamba ndi kuletsa ndewu za mafuko pamsika, kenako anakokera akuluakulu, achinyamata ndi boma m'komiti imodzi.

Nkhani zimenezi zimakoma, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kusamala nazo. Mabungwe akunja atamva kuti mtendere uyenera kuchokera kwa eni mudzi, ambiri anangosintha mawu a m'mapepala awo. Zotsatira zake timazidziwa tonse: misonkhano ya m'mahotela, maalawansi, zithunzi, lipoti lopita kwa wopereka ndalama, ndipo mfumu imene kale inkaweruza milandu popanda malipiro tsopano siibwera ngati palibe envelopu. Komanso si zonse za kumudzi zimene zili zachilungamo. Mabwalo ena salola mayi kulankhula, ndipo mafumu ena ndi amene amagulitsa malo. Somaliland yomweyo inamenya nkhondo ku Las Anod mu 2023. Chachikulu n'chakuti bwalo la akuluakulu lingathetse mkangano wa msipu, koma silingaimitse gulu lankhondo la dziko loyandikana. Ku Sudan, magulu a achinyamata odzipereka ndi amene akhala akuphikira anthu m'madera ndi kuyendetsa zipatala, koma pa zokambirana za ku Jeddah mu Meyi 2023 panakhala nthumwi za onyamula mfuti okhaokha.

Nanga Africa payokha?

Apa Malawi ili ndi mbiri yake. Mu 2013, asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi anapanga gulu lapadera pansi pa United Nations ku Congo, lololedwa kuyamba ndi ilo kuthira nkhondo, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho M23 inali itagonja. Mtengo wake unali magazi. Mu Novembala 2018 asilikali a Malawi 6 anaphedwa ndi zigawenga zina pafupi ndi Beni, ndipo mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, anapatsidwa mendulo yapamwamba kwambiri ya United Nations ya kulimba mtima. Koma zimene anagwirizana ku Nairobi M23 itagonja, za kubwezeretsa omenya nkhondo ndi othawa kwawo, sizinatsatidwe mokwanira, ndipo kumapeto kwa 2021 gululo linadzukanso. SADC itatumiza gulu lina mu Disembala 2023, inalibe ndalama zokwanira ngakhale ndege zoteteza asilikali ake, ndipo mu Malichi 2025 atsogoleri analamula kuti abwerere.

Kulimba mtima kulipo, chosowa ndi thumba. Mu Disembala 2023 khonsolo ya chitetezo inavomereza chigamulo nambala 2719, chololeza kuti United Nations izilipira mpaka 75 peresenti ya ntchito zosungitsa bata zimene African Union ikutsogolera. Mayiko a mu Africa anachimenyera zaka zambiri. Koma pamene anafuna kuchigwiritsa ntchito koyamba ku Somalia mu 2025, America inakana. Chaka chomwecho bungwe la USAID linathetsedwa, ndipo United Nations inalengeza kuti ichepetsa asilikali ake ndi pafupifupi kotala chifukwa zopereka sizikubwera, makamaka za America imene imayenera kulipira gawo loposa kotala la thumbalo. Thumba lapadera lomangira mtendere linalonjezedwa madola 50 miliyoni okha pa chaka kuchokera ku zopereka zokakamiza, ndalama zosakwana mtengo wa ndege imodzi yamakono yankhondo.

Ngakhale ku Mozambique ntchito inali isanathe. Alendo anachoka kumayambiriro kwa 1995 akudziyamikira, koma mphamvu zonse zinakhalabe ku Maputo, abwanamkubwa a zigawo ankasankhidwa ndi pulezidenti ngakhale kumene Renamo yapambana, ndipo mu 2013 mfuti zinaliranso ku Sofala. Panafunika pangano lina mu Ogasiti 2019, pakati pa Filipe Nyusi, pulezidenti wa nthawiyo, ndi Ossufo Momade wa Renamo, ndipo msasa womaliza wa Renamo ku Gorongosa unatsekedwa mu Juni 2023, zaka zoposa 30 chisainireni pangano la ku Rome. Chimodzi mwa zinthu zimene zinachedwetsa chinali penshoni ya omenya nkhondo okalamba oposa 5,000. Pa nthawiyo n'kuti moto wina utabuka kale ku Cabo Delgado mu Okutobala 2017, m'chigawo cha gasi ndi miyala ya mtengo wapatali chimene achinyamata ake sankaona phindu lake. Chisankho cha Okutobala 2024 chitatha ndi ziwawa, anthu zikwizikwi anaolokeranso ku Nsanje. Chisankho chimodzi choyenda bwino sichimaliza ntchito. Ntchito yake ndi ya m'badwo wathunthu, pamene mapulojekiti ambiri amalembedwa a miyezi 18 kapena 24.

António Guterres, monga mlembi wamkulu wa United Nations, m'maganizo amene anatulutsa mu Julayi 2023, anavomereza zambiri mwa zimenezi: kuti kupewa nkhondo kukhale udindo wa dziko lililonse, kuti mabungwe a m'zigawo apatsidwe mphamvu, kuti asilikali asamatumizidwe ndi mndandanda wautali wa ntchito zosatheka. Zonsezi n'zomveka. Koma pali mbali imodzi imene akazembe amaizemba chifukwa imakhudza anzawo, ndiyo ya olipirira nkhondo.

M23 sinagonje mu 2013 chifukwa cha mfuti zokha. Akatswiri a United Nations atalemba kuti Rwanda ikuthandiza gululo, America, Britain, Germany, Netherlands ndi ena anaimitsa kapena kuchedwetsa thandizo lawo ku Kigali, ndipo pa nthawi ya nkhondo yomaliza zigawengazo zinapezeka zili zokha. Ulendo wachiwiri zinthu zinayenda mosiyana. Akatswiri omwewo analembanso za asilikali a Rwanda zikwi zingapo amene ali m'dziko la Congo, koma mu Febuluwale 2024 European Union inasainirana ndi Rwanda mgwirizano wa za migodi, ndipo miyezi iwiri pambuyo pake M23 inalanda Rubaya, kumene kumakumbidwa mwala wa coltan wogwiritsidwa ntchito m'mafoni. Rwanda inalinso itakhala yofunika kwa ambiri: asilikali ake ndi amene akhala akulondera dera la gasi ku Cabo Delgado kuyambira 2021. Zilango zooneka zinabwera Goma itagwa kale.

Sierra Leone ndi Liberia zinaphunzitsa zomwezi. Bata linayamba kugwira pamene dayamondi wa zigawenga analetsedwa pa msika, matabwa a Liberia n'kuletsedwanso mu 2003, pulezidenti wa dzikolo Charles Taylor n'kusowa pogwira. Zida zoterezi zilipo ndipo sizifuna msilikali ngakhale mmodzi: kutsata kumene golide akuyengedwa, kutseka maakaunti a kubanki, kuletsa ndege zonyamula zida, kuchititsa manyazi boma lothandiza ngakhale litakhala bwenzi la malonda. Ku Sudan, lamulo la United Nations loletsa kutumiza zida limakhudza chigawo cha Darfur chokha, monga linakhazikitsidwira mu 2004 ndi 2005, ndipo mpaka mzinda wa El Fasher ku Darfur kugwa mu Okutobala 2025, khonsolo inali isanalikulitse kuti likhudze dziko lonse.